Mlendo Wotembenuza Mbale

Panali mayi wina, dzina lake Nachanza, amene ankakhala m'mudzi wogawika pakati. Chimene chinagawa mudziwo sichinali mtsinje, sichinalinso msewu. Chinali chala cha bambo ake.

M'zaka zija za mantha, pamene galimoto inkabwera kudzatenga anthu osawabwezanso, bambo akewo, a Chanza, analoza nyumba ya mnzawo wa kumunsi kwa mudzi. Mnzawoyo anali wokhoma ndowa, munthu wanthabwala, woimba akamamenya malata. Anamukweza m'galimoto nyundo ili m'manja, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe anamuonanso. Mkazi wake, Nangondo, anathawira kutsidya kwa malire ndi ana. Dimba la Nangondo, limene anasiyiridwa ndi amayi ake, silinachedwe kupeza khasu lina. Analowamo ndi a Chanza.

Sanali okha. A kumtunda ambiri analoza, ndipo a kumunsi ambiri anathawa. Wina anazula chitseko cha nyumba yosiyidwa. Wina anamasula mbuzi. Wina anakolola chimanga chimene sanadzale.

Zinthu zitasintha m'dziko, othawa aja anabwerera, namanganso pa mabwinja awo. Koma mudzi sunabwerere. A kumtunda ankaika maliro awo okha, a kumunsi awonso okha. Pachitsime moni ankapatsana, koma unali moni wothera pamilomo.

Tsono mukudziwa mmene mbale zimayendera pamudzi. Mayi akaphika ndiwo yokoma amapatulako n'kutumiza kwa mnzake. Mbaleyo sibwerera tsiku lomwelo, ndipo sibwerera yopanda kanthu. Imakhala kumeneko kufikira wolandira uja atapeza mtedza, kapena mazira, kapena mbatata yoyamba kukumba. N'chifukwa chake nyumba iliyonse imaika chizindikiro kunsi kwa mbale zake: uyu kadontho ka penti, uyo mtanda wokanda ndi msomali, winayo ka utoto kopaka m'zikhadabo ka mwana wake wamkazi. M'mudzi umenewu mbale zinkayenda ndithu, koma za kumtunda zinkazungulira kumtunda, za kumunsi kumunsi. Palibe imene inkadumpha kanjira kapakati.

Kenaka kunabwera bungwe lina lochokera m'tauni. Linasankha anthu a mbali zonse ziwiri n'kuwaphunzitsa kumva milandu ya zaka zija. Linawaphunzitsa kuti wolakwa ndi wolakwiridwa akhale pansi mofanana, wina asakwezeke. Kuti wolakwiridwa akayamba kulankhula asadulidwe, ngakhale atukwane. Kuti wolakwa atchule chimene anachita ndi dzina lake, osati kunena kuti zinangochitika. Kuti chimene chinatengedwa chibwerere. Ndipo kuti munthu asakakamizidwe kunena kuti wakhululuka, pakuti mawu amenewo ndi ake, akhoza kuwasunga.

Nachanza anasankhidwa kukhala wapampando, chifukwa anali ndi mawu otha kukhazika chete woledzera, ndi khutu losataya kanthu. Ndipo gululo linagwira ntchito. Chitseko chinabwerera pakhomo pake, chitadyedwa ndi chiswe pang'ono. Chimanga chinabwezedwa m'madengu. Mbuzi ija inali itafa kalekale, koma zidzukulu zake zinalipo, ndipo ziwiri zinatsika kumunsi zikulira ngati zikudziwa mlandu wa agogo awo.

Mlandu umodzi wokha unkangokankhidwa. Akati autchule, Nachanza ankati, "Tidikire mvula ithe." Mvula ikatha ankati, "Tiyambe takolola." Aliyense ankadziwa kuti ndi mlandu wa dimba la Nangondo, ndipo palibe amene ankamufunsa.

Tsiku lina kunabwera uthenga wakuti bungwe lija likutumiza munthu wodzayeza ngati maphunziro aja anagwira. Akapeza kuti anagwira, gulu lisiyidwa kuti lipitirize lokha kumva milandu. Akapeza kuti sanagwire, gulu litsekedwa, ndipo milandu yotsala ipita kuboma. Kumeneko mlandu umakalamba uli pamzere. A Chanza anali atayamba kale kuyendera ndodo, ndipo maso a Nangondo anali atayamba kuchita nkhungu. Nachanza ankaopa kumva mlandu wa bambo ake. Koma ankaopa koposa kuti nkhalamba ziwirizo zingalowe m'manda mlanduwo usanamveke, n'kuusiyira iye ndi ana ake.

Choncho mudzi unakonzeka mmene midzi imakonzekera alendo. Anasesa njira. Anapaka laimu miyala ya m'mbali mwa bwalo. Zikalata za maphunziro anazipachika pachingwe ngati zovala. Mlembi wa gulu, a Zakeyu, bambo wamasiye wokonda zisudzo kuposa kulima, anakonza sewero ndi nyimbo zatsopano. Nachanza anayang'ana mbale za pamudzi, zogumuka m'mphepete, iyi yoyera iyo yamaluwa, ndipo anachita manyazi. Anakabwereka kwa mkazi wa mwini golosale mbale zagalasi zofanana, zatsopano, zopanda chizindikiro chilichonse, kuti mlendo adyeremo.

Mlendoyo anafika pa kabaza, osati pa galimoto. Anali mayi wamfupi, wa nsapato zansalu, woseka msanga. Anakhala pampando umene anamukonzera, naonera sewero lonse. Anyamata awiri anamenyana, wina analira, kenaka anakumbatirana, kwaya n'kuyamba. Mlendo anawomba m'manja ndi mtima wonse.

"Sewero lokoma, a Zakeyu," anatero. "Midzi ina ndinaonako lonena zomwezi, koma wolira wanu akuposa onse."

A Zakeyu anaweramitsa mutu ngati munthu wolandira mphatso.

Mlendo anayamba kufunsa mafunso. Anthu anayankha bwino, onse pamodzi, ndi mawu enieni amene anaphunzitsidwa, ngati ana a Sande sukulu. Iye ankangogwedeza mutu. Atatha kudya m'mbale yagalasi ija, anamukokera Nachanza pambali.

"Amayi, kuti munaphunzira sindikukayika," anatero motsitsa mawu. "Koma lero ndi tsiku la mlendo. Ine ndikufuna kudziwa zimene zimachitika kuno Lachiwiri wamba, tsiku lopanda laimu pamiyala. Zimenezo ndiziona pati?"

Lachiwiri wamba silipachikika pachingwe. Nachanza anaona kuti sewero lonse lija, nyimbo zonse zija, zangothera m'makutu, ndipo mtima wake unagwa.

Mlendoyo analeredwa bwino kwawo. Atamva mbale zikulira kuseri kwa nyumba, anamanga chitenje m'chiuno n'kupita kukathandiza kutsuka. Amayi otsukawo anakana, nati mlendo satsuka, koma iye anali ataviika kale manja. Nyumbayo inali ya Nambewe wa kumtunda, ndipo mbale zimene anthu wamba anadyeramo zinatuluka m'menemo. Mlendo anatsuka imodzi, naivundikira pathandala kuti iume. Kunsi kwake kunali kadontho kobiriwira. Anatsuka ina, nayonso kadontho kobiriwira. Yachitatu inali ndi mtanda wokanda ndi msomali.

"Iyi yasokera," anatero. "Ndi ya yani?"

Nambewe anachita manyazi. "Ndi ya a Nasoko, a kumunsi. Inabwera ndi nkhwani wotendera mwana wanga atadwala malungo. Ndikudikira mtedza uume kuti ndiibweze."

"Mtedza wake unauma kalekale," anayankha Nasoko ali chowerama pamphika. "Akungoikonda mbaleyo. Ndinawaona akudyeramo Lamulungu."

Amayi onse anaseka. Koma mlendo sanaseke msanga. Anaima, mbale ili m'manja, madzi akudontha m'zigongono.

"A Nasoko," anafunsa, "si inu munabwezeredwa chitseko?"

"Ndine."

"Anachizula ndani?"

Nasoko analoza Nambewe ndi chipande. "Amuna awo awa."

Mlendo anaika mbale ija pathandala pang'onopang'ono, ngati dzira. Kenaka anapukuta manja pachitenje n'kunena kuti, "Amayi, tiyeni tiyende. Ndikufuna kuona mathandala."

Ulendo umenewo anthu amaukambabe. Anayamba amayi ochepa, koma pofika nyumba yachitatu mudzi wonse unali pambuyo. Mlendo ankafika pakhomo, kupempha chilolezo, n'kuyamba kutembenuza mbale. Palibe amene anakonzeratu, chifukwa palibe amene anaganizapo kuti munthu wochokera m'tauni angayang'ane kunsi kwa mbale. Kumtunda anapeza mitanda ya kumunsi. Kumunsi anapeza madontho a kumtunda. Mbale iliyonse inali ndi nkhani yake. Iyi inabwera ndi ngumbi za mvula yoyamba. Iyi inabwera ndi phala tsiku limene mtsikana wa pano anachira. Iyi inapita ndi nyama, inabwera ndi nthochi, inapitanso, ndipo tsopano eni nyumba ziwirizo sakugwirizana kuti wotsala kubweza ndi ndani. Anakangana pomwepo pamaso pa mlendo, aliyense akutchula mwezi wake ndi ndiwo yake, mpaka mboni zinalowererapo, ndipo mboni nazo zinayamba kukangana.

Atafika kwa a Zakeyu anthu anagwa nako kuseka. Thandala lawo linali lodzaza, koma mbale yawoyawo inali imodzi yokha. Zina zonse zinali za eni, za kumtunda ndi za kumunsi, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe imene anaibwezapo.

"Ine ndine mlembi," anadziteteza a Zakeyu. "Ndimasunga umboni."

"Mwayanjanitsa mudzi wonse ndi mimba yanu, achimwene," anatero Nasoko, n'kusolola mbale yake ina pakati pa muluwo. Amayi ena anayamba nthungululu, ndipo mlendo anaseka mpaka kupukuta misozi.

Nachanza nayenso ankaseka. Ankaona ndi maso ake chimene iye mwini sanadziwe kuti gulu lake lachita. Koma kuseka kwake kunayamba kuchepa ataona kumene mapazi a anthu akulowera.

Pathandala la kwawo kwa Nachanza mbale zinali zoyera, zondandalikidwa bwino. Mlendo anatembenuza yoyamba: kadontho kofiira. Yachiwiri: kadontho kofiira. Anatembenuza zonse mpaka yomaliza, ndipo anaibwezeretsa pamalo pake. A Chanza anali pakhonde, ndodo ili pakati pa miyendo, akuyang'ana nkhuku.

Panatsala nyumba imodzi, kumapeto kwenikweni kwa kumunsi. Nangondo anali pamkeka akusenda nandolo. Sanadzuke.

"Tembenuzani, mwana wanga," anatero. "Simupeza ya munthu."

Zinali mbale zakale zachitsulo, ndipo kunsi kwa iliyonse kunali kachizindikiro konga phazi la nkhuku.

"Anakanda ndi amuna anga," anatero Nangondo. "Ndinathawa nazo kumutu, ndinabwera nazo kumutu. Zonse zilipo. Palibe imene inatulukapo pakhomo pano."

Nthungululu zija zinali zitatha. Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi.

Wa kabaza anali akudikira pansi pa mtengo wa mango. Mlendo anamugwira dzanja Nachanza n'kuyenda naye pang'ono.

"Zimene ndaona lero sindinazionepo kwina," anatero. "Maphunziro anagwira, mudzi wandionetsa. Koma gulu lotha milandu ya ena okha, la m'nyumba mwa wapampando n'kulilambalala, silinaime ndi miyendo yonse. Lero sindinena kuti litsekedwe. Sindinenanso kuti laima. Ndidzabweranso, ndipo tsiku sindikuuzani."

Anakwera kabaza n'kupita. Laimu uja anayamba kusuluka pamiyala, mbale zagalasi zinabwerera kugolosale, ndipo masiku wamba anayambiranso.

Linali limodzi la masiku amenewo pamene Nachanza anadzuka n'kupita kwa Nasoko, amene nayenso anali m'gululo, kenaka kwa a Zakeyu. Anawauza kuti, "Anatiphunzitsa kuti munthu satsogolera mlandu wa m'nyumba mwake. Lero mpando ndi wanu. Ine ndikhala pansi ngati mwana wa wolakwa." Nasoko anatsika kukafunsa Nangondo ngati angalole kumva, ndipo anabwera ndi yankho lakuti chipata n'chotsekula, koma iye salonjeza kanthu.

Nachanza anatenga mbale ya kadontho kofiira n'kupita kudimba. Anathyola matimati akupsa bwino, nawaunjika mpaka mbale kudzaza. Anafika nayo pakhonde n'kugwada.

"Ababa, gwirani."

A Chanza anayang'ana mbaleyo. "Matimati a chiyani m'mawa uno?"

"A eni ake."

Nkhalamba inati, "Akanditukwana."

"Akakutukwanani mukamva mpaka amalize. Amuna a Nambewe tinawauza chomwecho, ndipo sanafe."

"Mawondo angawa sangafike kumunsi."

"Mawondo omwewo amafika kudimba tsiku ndi tsiku, ababa, ndipo dimba lili kupitirira nyumba yawo."

A Chanza anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wogwidwa. Anatenga ndodo kudzanja lina, mbale kudzanja lina. Nachanza anafuna kuwanyamulira, koma anabweza manja ake. Mbaleyo inayenera kutsika m'manja amene analoza aja.

Anamupeza Nangondo pamkeka womwe uja, Nasoko ndi a Zakeyu atafika kale. A Chanza anakhala pansi, padothi, naika mbale patsogolo pake.

"Mwabwera ndi chiyani, a Chanza?"

"Matimati."

"A kuti?"

"A kudimba."

"Dimba liti?"

Nkhalamba inati, "Lanu."

"Ndiye mwandibweretsera matimati anga m'mbale yanu," anatero Nangondo.

"Ndi anu," anavomera a Chanza. "Ndi dimba lomwe, ndi zonse zili m'menemo, kuyambira lero. Ndine ndinaloza nyumba ino. Anandifunsa, ndipo ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Ndinkaopa, n'zoona. Koma dimbalo ndinkalisiriranso."

Pamenepo Nangondo anayamba kulankhula. Ananena za ulendo wa kutsidya, mwana kumsana mbale kumutu. Ananena za mwana amene anamuika m'dziko la eni. Ananena za nyimbo imene amuna ake ankaimba pomenya malata, ndi mmene amaimvera mpaka lero mvula ikamagunda padenga. Penapake anatukwana, ndipo matukwano ake anali olemera. Palibe amene anamudula. Dzuwa linasuntha, mthunzi unachoka pa a Chanza, koma iwo sanasunthe. Pomaliza Nangondo anafunsa kumene galimoto ija inalowera, ndi amene anali m'menemo, ndipo a Chanza ananena zonse zimene ankadziwa, zimene sanauzepo munthu.

Atatha, a Zakeyu anatsekula pakamwa kuti ayambitse nyimbo ija ya m'sewero. Nasoko anawaponda chala, ndipo nyimboyo inafera pakhosi.

Nangondo sananene kuti wakhululuka, ndipo palibe anamufunsa. Anakhuthulira matimati mu lichero lake. Mbale inatsala m'manja mwake yopanda kanthu.

Tsono pano mvetsetsani, chifukwa mpamene pali nkhani. Mbale imene yabwera ndi mphatso imabwerera ndi kanthu. Koma iyi sinabwere ndi mphatso. Inabwera ndi zake zomwe. Nangondo analibe choti abweze, ndipo akanaipereka pomwepo yopanda kanthu, palibe mayi m'mudzimo akanamunena. Zikanathera pamenepo: dimba kwa mwini wake, mbale kwa mwini wake, aliyense kwawo. Nachanza ankadziwa zimenezi, ndipo anali atatambasula kale manja kuti ailandire.

Nangondo anaitembenuza, nayang'anitsitsa kadontho kofiira kaja. Kenaka anaipana m'khwapa, nalowa m'nyumba, natseka chitseko.

Pokwera kumtunda a Chanza anafunsa, "Nanga mbale ija?"

"Isiyeni, ababa," anatero Nachanza.

Masiku otsatira sanali ophweka. Nangondo ndi mwana wake wamkazi analowa m'dimba, nazula zakale, nadzala zawo. Kwa a Chanza ndiwo inavuta, pakuti dimba limenelo ndilo linkawadyetsa zaka zonse zija. Nachanza ankathyola chisoso ndi bonongwe m'mbali mwa minda, ndipo sanadandaule kwa munthu. Koma akamatsuka mbale ankaponya maso kunjira ya kumunsi, ndipo njirayo inkangokhala yopanda munthu.

M'mawa wina akusesa pabwalo anamva, "Odi kuno." Anali Nangondo mwini wake, atatsamira ndodo, m'manja muli mbale yovundikira ndi kansalu.

"Ndamva kuti kuno ndiwo yavuta," anatero. "Ndi mpiru wotendera. Wodzala ine, osati wa bambo ako uja."

Nachanza anagwada n'kulandira ndi manja awiri. Mbaleyo inali yofunda. Zala zake zinakhudza kunsi, ndipo m'malo mwa kadontho kosalala ka penti zinamva timizere tokandika. Linali phazi la nkhuku.

"Amayi," anatero, "si yathu iyi."

"Ndikudziwa, maso anga sanafe onse. Yanu ndikudyeramo, ndi yakuya bwino." Nangondo anasuzumira pakhonde pamene panali a Chanza. "Uwauze kuti mchere ndachepetsa dala, nkhalamba sifuna mchere wambiri. Ndipo mbale imeneyo isabwere yopanda kanthu. Anakanda ndi amuna anga."

A Chanza anayesa kudzuka, koma mawondo anakanadi ulendo uno. Anangowomba m'manja mwaulemu ali pomwepo, misozi ikutsikira m'ndevu. Nangondo anawayang'ana kanthawi.

"Mwadzuka bwanji, a Chanza?" anatero.

Unali moni woyamba pakati pa awiriwo kuchokera tsiku la galimoto.

Mlendo uja anabweradi, ndipo anabwera tsiku loipa kwa a Zakeyu. Njira inali yosasesa, mbuzi zinali pabwalo, ndipo mlembi anali kumunda, matope mpaka m'mawondo. Atamva anathamanga akudandaula kuti anthu a m'tauni alibe ulemu, munthu sangasonkhanitse kwaya pa nthawi yotere. Mlendo anangowapatsa moni n'kupitirira. Sanakhale pampando. Analunjika kwa Nachanza, napempha chilolezo, nazungulira kuseri kwa nyumba.

Mbale zinali pathandala zikuuma. Kadontho kofiira, kadontho kofiira, mtanda wa Nasoko, kadontho kobiriwira ka Nambewe, pakuti njira itatseguka enanso anayamba kutumiza. Ndipo pakati pa zonsezo panali yachitsulo yakale. Mlendo anaitembenuza. Anaiyang'ana, anayang'ana Nachanza, kenaka anaikweza m'mwamba ndi manja awiri n'kuyamba kuvina pomwepo, pamatope a pathandala, nsapato zansalu zija zikunyowa. Amayi a nyumba zoyandikana anatuluka ndi nthungululu. A Zakeyu anapeza mpata wa nyimbo yawo, ndipo ulendo uno palibe anawaponda chala.

"Nanga mubweza liti?" anafunsa mlendo atapuma.

"Yapita kale kawiri, yabweranso," anatero Nachanza. "Tsopano akuti wotsala kubweza ndi ife, koma ine ndikuti ndi iwo."

"Musamalize msanga mkangano umenewo," anatero mlendo.

Gulu lija silinatsekedwe. Linasiyidwa liziyenda lokha, ndipo pasanapite nthawi anthu a midzi ina anayamba kubwera kudzapempha kuti awaphunzitse. A Chanza anakhala ndi moyo zaka zina zingapo. Atamwalira, manda awo anakumba ndi anyamata a mbali zonse ziwiri, ndipo mwambo utatha amayi anatha tsiku lonse akusankhula mbale, akukangana, akuseka, chifukwa zinali zitasakanikirana kotero kuti zina mpaka lero zili m'nyumba zimene si zawo.

Tsono inu ana anga amene mumatumidwa kukayeza ntchito za anzanu, nyimbo muzimvera ndithu, ndipo m'manja muziwomba, chifukwa anthu amavutika pokonzekera. Koma musabwerere musanazungulire kuseri kwa nyumba. Chimene anthu akukonzerani chimakuuzani kuti amakulemekezani. Chimene sanaganize n'komwe kuti mungachiyang'ane ndicho chimakuuzani ngati zinagwira.

Nanunso amene munaphunzitsidwa kuyanjanitsa ena, ndikukudziwani nonse, ndipo ndikudziwa khomo limene aliyense wa inu amalilambalala popita kuchitsime. Mukafika kwanu lero, tembenuzani mbale zanu. Mukapeza kuti zonse ndi zanu, palibe yasowa, palibe ya mwini, musanyade kuti ndinu osamala. Sankhanipo yakuya bwino, muikemo chimene mukudziwa kuti si chanu, ndipo muitsitse ndi manja anu.